Mlatho wa Dona Ana ndi madesiki athu: kodi chitsulo chimakhalitsa pachokha?

 Pepani kuti ndakhala chete masabata angapo, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Nkhani ya lero ndi ya mlatho umene uli ku Mozambique, koma yayambira kuseri kwa buloko ya Fomu 3 pasukulu pathu pano.

Kuseriko kuli mulu wa mafulemu a madesiki. Matabwa ake anathyoka, ena anazulidwa, ndipo kwatsala zitsulo zokhazokha zimene zikuchita dzimbiri pamvula. Tsiku lina ndinaziwerenga, zinakwana 64. Pamene zili choncho, m'kalasimo ana amakhala atatuatatu pa desiki ya anthu awiri. Mwezi watha kunabwera bambo wina wogula zitsulo zakutha, sikelo yake ili panjinga, ndipo ife aphunzitsi tinagawikana. Ena ankati tigulitse tigule choko, ena ankati ayi, tiwakonze. Mnzanga wophunzitsa Geography anati tisavutike mtima: chitsulo sichitayika, amakachisungunula n'kupanga china chatsopano, n'chifukwa chake mabuku amachiyamikira kuti ndi chomangira chosawononga chilengedwe.

Sindinamutsutse pomwepo chifukwa zimene ananenazo zili ndi choonadi chake. Koma ife a History tili ndi matenda ofuna kutsata chinthu chimodzi kuyambira pamene chinabadwa mpaka pamene chafika. Ndiye ndasankha mlatho wa njanji wa Dona Ana, umene umawoloka mtsinje wa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera pamalire athu a Marka ku Nsanje. Unatsegulidwa m'chaka cha 1935 ndipo, ngakhale uli m'dziko la eni, anaumanga chifukwa cha dziko lathu lino. Zimene mlathowu wadutsamo zikuyankha funso la madesiki bwino kuposa mmene ine ndikanayankhira tsiku lija.

Chitsulo chimadya moto

Pa Chichewa mawu akuti chitsulo timatchulira zonse. Angerezi amasiyanitsa iron ndi steel. Steel ndi chitsulo chimene achiyenga mpaka carbon wake watsala wochepa, osapitirira 2 peresenti, ndipo m'zitsulo zomangira amakhala wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Chitsulo chotere chimayamba chapindika chisanathyoke, n'chifukwa chake amisiri amachidalira pa milatho ndi nyumba zazitali. M'nkhani ino ndikamati chitsulo ndikunena chimenechi.

Makolo athu ankadziwa kuyenga chitsulo Azungu asanabwere. Mabwinja a ng'anjo zawo akadalipo, mwachitsanzo m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, ndipo David Livingstone atafika m'dera la Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. M'ng'anjomo ankathiramo miyala ya chitsulo ndi makala. A Chemistry andikonze ngati ndaphonya: mwala wa chitsulo ndi chitsulo chimene chagwirana ndi oxygen. Kuti oxygen achoke pamafunika carbon woti amukwatule, ndipo awiriwa akagwirana amatuluka ngati mpweya wa carbon dioxide. Kotero makala ankagwira ntchito ziwiri, kutenthetsa ng'anjo ndi kulekanitsa chitsulo ndi oxygen. Dzimbiri ndi ulendo wobwerera. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimagwirananso ndi oxygen, n'kuyamba kusanduka fumbi lofiira ngati mwala umene chinachokera.

Ku England makala anafika podula chifukwa nkhalango zinkachepa. Mu 1709 Abraham Darby wa ku Coalbrookdale anayamba kuyenga chitsulo ndi malasha ophika amene amatchedwa coke. Mu 1856 Henry Bessemer analengeza njira yopemerera mpweya m'chitsulo chosungunuka kuti carbon wochulukayo apse. Kuyambira pamenepo chitsulo cholimba, chimene kale chinkapangidwa chochepa cha mipeni ndi zida za amisiri, chinayamba kutuluka matanimatani pa mtengo wotsika. Komabe boma la Britain silinalole kumangira nacho milatho mpaka mu 1877. Mlatho wa Forth ku Scotland, umene unatsegulidwa mu 1890, unadya matani pafupifupi 54,000 ndipo sitima zikudutsapo mpaka lero. Chimene chausunga ndi penti. Kwa zaka zoposa 100 panali gulu la anthu amene ntchito yawo inali kupala dzimbiri ndi kupenta mlathowo, mpaka mu 2011 pamene anamaliza kupaka penti wamakono amene akuyembekezeka kukhala zaka 25. Nkhani ya pentiyi muisunge, tibwererakonso.

Njanji yodukira pamtsinje

Tsopano tibwere kuno kwathu. Nyasaland inalibe doko la panyanja ya mchere, ndipo poyamba katundu ankayenda pa sitima za pamadzi kudzera mu Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde. Koma madzi a Shire ankanka nachepa, sitima n'kumatitimira mumchenga. N'chifukwa chake anayamba kumanga njanji. Ya Shire Highlands inalumikiza Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Pofika 1915 njanji ina inali itatsika kuchoka ku Port Herald mpaka ku Chindio, pagombe la kumpoto la Zambezi. Mu 1922 kampani ya Trans-Zambezia inamaliza njanji yochokera ku Dondo, pafupi ndi Beira, mpaka ku Murraça, pagombe la kummwera. Njanji ziwirizi zinayang'anizana, mtsinje uli pakati.

Taganizani belo la fodya lochokera ku Limbe. Likafika ku Chindio ankalitsitsa m'bogi, kulinyamula pamutu kupita nalo m'bwato, kuwoloka, kulitsitsanso ndi kulikwezanso m'bogi ina. M'chilimwe madzi ankachepa mpaka mabwato kulephera kufika pamalo otsitsira. M'dzinja mtsinje unkasefukira n'kukokolola mbali zina za njanji. Katundu ankachedwa, wina kuwonongeka, ndipo mtengo wake unkakwera pa sitepe iliyonse. Palibe angatsutse kuti vuto linalipo. Funso limene akatswiri a mbiri amakanganirana ndi lakuti mlathowo unamangidwa pofuna kuthandiza yani, ndipo analipira ndani.

Anaufuna ndani, analipira ndani

Azungu a minda ya fodya, tiyi ndi thonje ankaufuna mlathowo. Ankaufunanso anthu amene anali ndi ndalama zawo m'kampani ya Trans-Zambezia ndi padoko la Beira, motsogozedwa ndi Libert Oury, munthu wa ku Belgium amene ankachita malonda ake ku London. Koma chimene chinatsegula thumba la boma la Britain ndi ulova wa kwawo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mafakitale a zitsulo kumpoto kwa England analibe maoda okwanira, amuna ambiri ali pakhomo. Mu 1929 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo la Colonial Development Act, ndipo lamulolo silinabise cholinga chake: kuthandiza ulimi ndi ntchito zina m'maiko a atsamunda kuti potero malonda ndi mafakitale a ku Britain apindule. Mlatho waukulu wachitsulo unali ntchito yoyenerana ndendende ndi cholinga chimenechi.

Ntchito anaipereka kwa kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington. Iyi ndi kampani yomweyo imene inamanga mlatho wa Victoria Falls, umene unatsegulidwa mu 1905 ndipo ukugwirabe ntchito pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Zitsulo ankazidula ndi kuziboola ku England, kuzikweza pa sitima za pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji mpaka pamtsinje. Pamenepo ankazilumikiza ndi maliveti, misomali yonenepa imene ankaiotcha mpaka kufiira, kuilowetsa pabowo, n'kuikhoma kumapeto kuti ipange mutu wachiwiri. Ikamazizira inkafupika n'kukoka zitsulo ziwirizo kuti zigwirane zolimba. Mizati yake ndi ya konkire, yozikidwa mwakuya pansi pa mchenga wa mtsinje. Ntchito ya thukuta, kukumba, kunyamula ndi kukhoma, inagwiridwa ndi anthu akuda ambirimbiri, a ku Mozambique komweko ndi ena ochokera ku Nyasaland.

Mlathowo utatha unali wotalika makilomita 3.67, ndipo panthawiyo unali wautali kuposa milatho yonse ya njanji mu Africa. Uli ndi zigawo 33 za mamita 80 chilichonse ndi zina 7 za mamita 50. A Masamu mukawonkhetsa mupeza mamita 2,990, otsalawo ndi a timilatho tolowera kumapeto. M'chaka chomwecho cha 1935 njanji ya kumpoto yochokera ku Blantyre inafika ku Salima, kotero katundu akanatha kuchoka m'mbali mwa nyanja yathu mpaka ku Beira osatsika m'bogi.

Mlatho wokhawo unadya ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni, ndalama zosasimbika kwa dziko losauka ngati Nyasaland ya nthawiyo. Zambiri zinali ngongole, ndipo katundu wa ngongole za njanji anagwera boma la Nyasaland, limene kale linali litalonjeza kulipira chiwongoladzanja cha ngongole za Trans-Zambezia kampaniyo ikalephera. Ndalama za boma limenelo gawo lalikulu zinkachokera ku msonkho wa nyumba ndi wa mutu umene agogo athu ankakhoma. Katswiri wa mbiri Leroy Vail, polemba mu 1975, ananena kuti ngongole za njanjizi ndi zimene zinasaukitsa Nyasaland, chifukwa ndalama zimene zikanamanga sukulu, zipatala ndi misewu zinkapita kolipira njanji, pamene mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri moti mlimi wamba wa chimanga sankapindula nayo. Landeg White, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College asanathamangitsidwe m'dziko muno mu 1972, analemba buku lathunthu la mlathowu mu 1993, ndipo naye anaona ntchitoyo ngati kupusa kwa atsamunda.

Ine ndimawauza ana a Fomu 4 kuti mbiri imafuna kumva mbali zonse. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, katundu wodutsa pamlathowo anachuluka. Mu 1949 Apwitikizi anamaliza njanji yochokera ku Dona Ana kupita ku migodi ya malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Ndipo mpaka mu 1970, pamene njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi inatilumikiza ndi doko la Nacala, katundu yense wa Malawi woyenda pa njanji kupita kunyanja ankadutsa pa Dona Ana. Mlathowo unadzagwira ntchito ndithu. Koma m'badwo umene unausenza pamutu si umene unadya phindu lake.

Nkhondo

Mozambique inalandira ufulu mu 1975, ndipo pasanapite nthawi nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Njanji zinali pakati pa zinthu zoyamba kuphwanyidwa. Pofika 1984 njira zathu zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, zinali zitatsekeka. Mu 1986 Renamo inalanda Mutarara, ndipo zigawo zina za mlathowo zinaphulitsidwa n'kugwera m'madzi. Katundu wa Malawi anayamba kuyenda pa malole kuzungulira mpaka ku Durban, ulendo wa makilomita masauzande, ndipo mtengo wa mafuta, feteleza ndi china chilichonse chochokera kunja unakwera. Anthu othawa nkhondo anakhamukira kuno mpaka anafika pafupifupi 1 miliyoni. Ife amene tinali ana nthawi imeneyo timakumbukira anzathu m'kalasi amene ankawerenga manambala m'Chipwitikizi.

Taonani chimene chinachitika ndi chitsulocho. Zigawo zimene zinaphulitsidwa zinali zochepa, zambiri zinatsala chiimire. Koma mlatho ukaduka pamodzi, wonse waduka. Kwa zaka pafupifupi 9 matani masauzande a chitsulo chabwinobwino anangokhala padzuwa ndi pamvula osanyamula kanthu, popanda woupala dzimbiri kapena kuupenta.

Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Mu 1995 mlathowo unakonzedwa ndi thandizo la boma la America, koma popeza njanji ya Sena inali idakali yophwasuka, anauyala kuti pazidutsa galimoto, mzere umodzi, mbali ina ikudikira inzake. Unagwira ntchito yotero mpaka mu 2006, pamene anautseka kuti aubwezeretse kukhala wa sitima. Mu 2009 ntchitoyo inatha, ndipo chaka chomwecho mlatho watsopano wa galimoto, wa Armando Emílio Guebuza, unatsegulidwa kumunsi kwa mtsinje ku Caia.

Apa mnzanga wa Geography ali ndi mfundo, ndipo ndiyenera kumupatsa. Mlatho wophulitsidwa ndi mabomba, wosiyidwa zaka zambiri, unatheka kukonzedwa, kusinthidwa kukhala wa galimoto, n'kusinthidwanso kukhala wa sitima. Chitsulo chimalola zimenezi chifukwa chimamangidwa zidutswazidutswa. Chidutswa chowonongeka umachimasula n'kuikapo china. Koma onani kuti palibe amene anaganiza zougwetsa kuti akausungunule. Phindu la mlathowo linali m'kukhala kwake mlatho.

Malasha ndi utsi

Mu 2011 sitima zonyamula malasha a ku Moatize zinayamba kudutsa pa Dona Ana kupita ku Beira. Gawo lalikulu la malasha amenewa ndi a mtundu wophikira coke, woyengera chitsulo m'maiko ngati India. Ndiye kuti mlatho umene unamangidwa pofuna kupatsa ntchito mafakitale a zitsulo a ku England unadzayamba kudyetsa ng'anjo za ku Asia. Kampani ya Cleveland Bridge imene inaumanga inagwa mu 2021, patapita zaka zoposa 140 chiikhazikitsireni mu 1877. Mlatho wake udakalipo.

Malashawa akutibweretsa pa mtengo wina wa chitsulo, umene sulembedwa pa lisiti. Mu 2023 dziko lonse linapanga chitsulo matani pafupifupi 1.9 biliyoni, ndipo oposa theka anapangidwa ku China. Pafupifupi 70 peresenti ya chitsulo chimenechi chinachokera m'ng'anjo zazikulu zogwiritsa ntchito coke, mdzukulu wa njira ya Darby ija. Tikawerengera njira zonse pamodzi, tani imodzi ya chitsulo imatulutsa matani pafupifupi 1.9 a carbon dioxide, ndiye kuti utsi umalemera kuposa chitsulo chopangidwacho. Bungwe la World Steel Association limanena kuti makampani a zitsulo amatulutsa pakati pa 7 ndi 9 peresenti ya mpweya wotere padziko lonse. Mpweya umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo, ndipo ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 sitikufunika kuuzidwa tanthauzo la mvula yopitirira muyeso.

Kusungunula zitsulo zakutha m'ng'anjo ya magetsi kumachepetsa utsiwu kwambiri, moti tani imodzi ya chitsulo imatulutsa mpweya wosafika tani imodzi. Ndiponso chitsulo chimatha kusungunulidwa kangapo osataya mphamvu yake, ndipo n'chosavuta kuchisankha pa zinyalala chifukwa maginito amachikoka. Simenti ndi njerwa zootcha sizingachite zimenezi. Vuto ndi lakuti zitsulo zakutha sizikwanira. Chitsulo chimene chalowa m'nyumba kapena pamlatho chimakhala momwemo zaka makumimakumi, pamene maiko akufuna chochuluka chaka ndi chaka. Kotero ng'anjo za malasha zikuyakabe. Ku Sweden, ntchito yotchedwa HYBRIT inapereka mu 2021 chitsulo choyamba chimene oxygen wake anachotsedwa ndi hydrogen m'malo mwa carbon, ndipo chotuluka chake ndi nthunzi ya madzi. Njirayi ndi yodula, ndipo chitsulo chopangidwa motero n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene dziko limagwiritsa ntchito.

Tsono masamu ake ndi osavuta. Utsi wa chitsulo umatuluka tsiku limene chapangidwa, kamodzi. Chitsulocho chikagwira ntchito zaka 90, utsiwo wagawidwa pa zaka 90. Chikadyedwa ndi dzimbiri m'zaka 10 n'kufunika kugula china, tawotcha malasha kasanu ndi kanayi pa ntchito yomweyo. Kukhalitsa kwa chitsulo kumadalira munthu wa burashi ndi chitini cha penti, ngati aja a ku Forth.

Kumasula ndi kumanganso

Pakati pa kusiya chitsulo kuti chiwole ndi kuchisungunula pali njira yachitatu, kuchimasula n'kukachimanganso kwina. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akuluakulu a mzinda wa London anamanga milatho yachitsulo yongoyembekezera pa mtsinje wa Thames, kuopa kuti mabomba angagwetse milatho yeniyeni. Nkhondo itatha milathoyo inamasulidwa, ndipo bungwe la Beit Trust linagula zitsulo zina n'kumangira mlatho wa galimoto pa mtsinje wa Kafue ku Northern Rhodesia, lero Zambia, umene unatsegulidwa mu 1949. Zitsulo zomwezo zinawolotsa anthu pa mitsinje iwiri ya m'makontinenti awiri popanda kubwereranso m'ng'anjo.

Milatho ya Bailey imene timaiona m'misewu yathu madzi akakokolola mlatho nayo ndi ya nzeru yomweyo. Anaiyambitsa ndi Donald Bailey pa nkhondo yomwe ija. Ndi zidutswa zofanana zimene amuna ochepa angathe kunyamula ndi kulumikiza, ndipo mlatho wokhazikika ukamangidwa amazimasula n'kupita nazo pamtsinje wina. Ngakhale kumudzi nzeruyi si yachilendo. Khasu likatha makolo sankalitaya, ankapita nalo kwa wosula kuti lisanduke kakhasu kopalira kapena mpeni. Lero amisiri a m'misika amasula nkhwangwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto, ndi mbaula kuchokera ku malata akale.

Koma ubwino womwewu uli ndi mthunzi wake. Popeza chitsulo chakutha chili ndi msika, chitsulo chamoyo nacho chimabedwa. Tonse tamvapo za anthu omasula zitsulo pa nsanja za magetsi, zogwirizira njanji, zotchingira m'mbali mwa milatho ndi zikwangwani za pamsewu. Wogula amalipira pa kilogalamu, samafunsa kuti chitsulocho chinkagwira ntchito yanji. Bawuti imene pa sikelo ndi ya ndalama zochepa ikachoka pamalo ake, nsanja yonse imatha kugwa n'kusiya maboma angapo mumdima. M'mabuku a ziwerengero chitsulo chimenechi chidzalembedwa kuti chinagwiritsidwanso ntchito, koma dziko lataya zambiri kuposa zimene lapeza.

Mbali yathu ya njanji

Mlatho wa Dona Ana unabwerera pa ntchito mu 2009, koma kwa Malawi unakhalabe wopanda phindu kwa zaka zina zambiri, chifukwa njanji ya mbali yathu inali itafa. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo chigawo cha kummwera kwake chinasiyidwa mpaka tchire kumera pakati pa zitsulo. Ntchito yomanganso njanji ya Marka kupita ku Bangula inayamba mu 2022. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika ku Marka, koyamba patapita zaka pafupifupi 40. Sitima imeneyo inawoloka Zambezi pa zitsulo zomwe zija zimene anthu anakhoma maliveti ake m'zaka za m'ma 1930.

Nkhani imeneyi ine imandisangalatsa, koma imandichititsanso manyazi pang'ono. Mlatho umene unaphulitsidwa pankhondo unadzuka msanga kuposa njanji yathu ya ku Chiromo imene inadulidwa ndi madzi pa nthawi ya mtendere. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna mlatho wachitsulo wafunanso ndalama za penti, woyendera maliveti ndi mlonda, chaka ndi chaka, ngakhale patapita nthawi yaitali riboni itadulidwa ndipo ojambula zithunzi atapita kwawo.

Tibwerere ku madesiki

Ndiye yankho langa kwa mnzanga wa Geography ndi ili. Zoona, chitsulo chingathe kusungunulidwa, ndipo pa mfundo imeneyi chimaposa zomangira zambiri. Koma mbiri ya Dona Ana ikundiphunzitsa kufunsa mafunso atatu ndisanavomere kuti chomangira n'chokhalitsa. Loyamba, moto umene unachipanga unawononga zotani? Lachiwiri, ngongole yake akulipira ndani, ndipo kodi wolipirayo ndi amene akupindula? Lachitatu, ndani adzachisamale omanga akapita? Funso loyamba ndi la asayansi ndi eni mafakitale akutali. Awiri enawa ndi athu.

Mafulemu 64 aja malasha ake anawotchedwa kale, ndalama zake zinalipidwa kale. Ndinawayang'ana limodzilimodzi ndipo ambiri dzimbiri lake ndi la pamwamba chabe. Akufunika sandipepa, penti wofiira uja wotchinga dzimbiri, wowotcherera wa tsiku limodzi kapena awiri, matabwa ndi mabawuti. Tikawagulitsa pa sikelo, ndalama yake siingagule ngakhale madesiki ochepa atsopano, ndipo atsopanowo adzafunika chitsulo china choyengedwa ndi malasha ena. Amene awola mpaka kubooka, amenewo apite kwa bambo wa sikelo uja, ndiko kwawo. Otsalawo ndapempha kuti nkhani yake ikambidwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu ikubwerayi, ndipo pakadali pano ana a Fomu 3 andithandiza kuwalowetsa m'chipinda chosungiramo katundu kuti achoke pamvula.

Kwa aphunzitsi anzanga a History, mutu wa njanji za Nyasaland musamauthamangire ngati mndandanda wa zaka zoloweza. Jambulani Zambezi pabolodi, ikani Chindio mbali ina ndi Murraça mbali inayo, ndipo afunseni ana kuti iwo akanakhala bwanamkubwa mu 1929 akanavomera ngongoleyo kapena ayi. Ine ndinayesa, ndipo kalasi inagawikana pakati, belu linalira mkangano usanathe.

Kwa inu ana anga akale, ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinu mainjiniya, ena owotcherera zitsulo, ena akalipentala. Ngati pali pamene ndalakwitsa pa nkhani ya maliveti kapena ng'anjo, ndikonzeni monga mmene ine ndinkakukonzerani ndi cholembera chofiira. Ndipo ngati wina akudziwa mtundu wa thabwa umene ungapirire ana a Fomu 1 kwa zaka zoposa zitatu, andiuze msonkhano wa makolo usanafike.